Lipoti la ulendo wa ku Mfuwe: nyemba zathu zinapita kuti

Moni nonse a m'gulu. Atcheya anati ndilembe lipoti kuti inu amene munatsala mumve zomwe tinakachita, ndiye nali, mupirire kutalika.

Tinanyamuka pa Chipata kusanatenthe, koma titangoyamba kutsetsereka kulowa m'chigwa cha Luangwa aliyense mu minibasi anali akudzikupiza ndi kope lake la mvula. Anzathu a ku Mfuwe nawonso ndi gulu loyeza mvula ngati ife, kungoti iwo amalimbananso ndi madzi osefukira komanso njovu zolowa m'minda. Anatilandira bwino, tinaona zoyezera zawo, tinafananitsa makope. Awo ndi aukhondo kuposa athu, izi ndinene poyera.

Chimene chinatenga nthawi yaitali ndi mlendo amene anamuitana, mayi wina wofufuza za nyengo yemwe anapitako ku Antarctica, dziko la ayezi la kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, pa sitima ya S.A. Agulhas II, ija imanyamukira ku Cape Town. Pamene anaonetsa zithunzi za ayezi, ife thukuta lili kamukamu pansi pa mtengo wa mango, anthu anaseka. Koma nkhani yake inali yakuti kumeneko kupita nkodula kwambiri, mipando mu sitima ndi yochepa, ndipo ntchito yambiri imagwirika miyezi yochepa chabe, cha mu Novembala mpaka Febuluwale, nthawi yomwe ife tili kalikiliki kubzala ndi kupalira. Ndiye sungafufuze zonse, uyenera kusankha choyamba. Anatiuza kuti mu 2014 bungwe la SCAR, logwirizanitsa ofufuza za ku Antarctica, linasonkhanitsa akatswiri 75 ochokera m'maiko 22 ku New Zealand, ndipo pa mafunso mazanamazana anagwirizana pa 80 okha oti ndiwo ofunika kwambiri.

Kenako anati nafenso tiyese. Anayala makadi pa mphasa, khadi lililonse funso lake, aliyense anapatsidwa nyemba zapadzanja kuti aike pomwe akuona kuti ndalama zipite. Apa ndipomwe panayambira phokoso.

Khadi loyamba linali la kusungunuka kwa ayezi ndi kukwera kwa nyanja. Ati ayezi yense wa ku Antarctica atasungunuka nyanja ingakwere pafupifupi mamita 58, wa ku Greenland mamita 7, ndipo pali chimtsinje chimodzi cha ayezi chotchedwa Thwaites chimene pachokha chingakweze nyanja ndi masentimita 65, n'chifukwa chake America ndi Britain anayamba kuchifufuza limodzi mu 2018. Agogo ena a ku Mfuwe anangoti, "Ana inu, Zambia ilibe nyanja, nyemba zanga sindingataye pamenepo." Amai msungichuma wathu, mukuwadziwa sachedwa, anayankha kuti, "Agogo, nanga fetelaiza amene mumathira amatsikira kuti? Si pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam?" Anakumbutsa mmene namondwe Idai anaphwanyira Beira mu 2019. Mayi uja anaonjeza kuti namondwe sabwera chifukwa cha ayezi ayi, koma nyanja ikakwera mafunde ake amalowa patali kumtunda. Agogo anaika nyemba imodzi, monyinyirika.

Panali khadi la nyama, ma penguin ndi tinsomba tomwe anangumi amadya, ilo linapeza nyemba za achinyamata basi. Lina linali lokumba ayezi wakale. Ameneyu amasunga timpweya ta makedzana mkati mwake, ndipo pa malo otchedwa Dome C anakumba mpaka kupeza wa zaka 800,000, m'zaka zonsezo mpweya wa carbon dioxide sunapitirirepo 300 ppm (magawo 300 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wonse) koma lero wadutsa 420. Aphunzitsi anakonda limeneli.

Koma mulu waukulu unapita pa khadi lofunsa kuti mphepo ndi nyanja zozungulira Antarctica zimakhudza bwanji mvula ya kuno kummwera kwa Africa. Palibe anadabwa. Tonse tikukumbuka 2024, chimanga chikupsa chili chiimire, a pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi tsoka la dziko, Kariba kuphwa, malaiti kuzima tsiku lonse. Ndinamukonda mayi uja chifukwa sanatinamize kuti atikondweretse, anati chilala chija gwero lake lalikulu ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, osati ayezi. Mphepo za ku Antarctica zimakhudzadi mvula, makamaka ya ku Cape, ndipo mbali ya kuno kwathu ndi imene ikufunika anthu oifufuza. Alangizi athu anafunsa kuti nanga osankha mafunsowo ndi ndani, pali wa kuno? Yankho linali lakuti pa maiko 12 amene anasaina pangano la Antarctica mu 1959, la mu Africa linali South Africa lokha. Ku Antarctica kulibe midzi, koma ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumakhala anthu pafupifupi 4 miliyoni ndipo kukutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse, ndiye a Inuit, eni nthaka a ku Arctic ya ku Canada, mu 2018 analemba ndondomeko yawoyawo yonena zoti ofufuza azitsata akabwera kwawo. Alangizi anagwedeza mutu nthawi yaitali.

Ine nyemba zanga zambiri ndinaika pa khadi lomwe linatsala lokhalokha pakona, longoti kupitiriza kuyeza tsiku ndi tsiku pa masiteshoni osadukiza. Silikoma kumva, palibe angakujambule chithunzi ukuwerenga geji ya mvula. Koma tamverani izi. Pa siteshoni ya Halley ku Antarctica anthu a ku Britain anayamba kuyeza mpweya wa ozone, umene umatitchinga ku cheza choopsa cha dzuwa, m'zaka za m'ma 1950, chaka ndi chaka manambala osasintha kwenikweni, munthu wowerengera ndalama akanatha kunena kuti tsekani zimenezi. Mu 1985 manambala omwewo ndi amene anaonetsa kuti ozone wabooka, ndipo pofika 1987 maiko anasaina pangano la Montreal loletsa mankhwala oononga ozone. Akanadumpha zaka zakumbuyozo akanafananitsa ndi chani? Ngakhale funso la mvula lomwe tonse tinalikonda lija, wofufuza adzaliyankha ndi chani ngati kuno kulibe manambala a zaka zotsatana? Ndinanena zimenezi pamsonkhano, ena anavomera, ena anati ndikungoteteza udindo wanga wa ulembi, kaya.

Apa ndipomwe makope athu anatichititsa manyazi. Tikatsegula timapeza mipata, sabata ya maliro palibe chalembedwa, nthawi ya Nc'wala palibe, wina kapu yoyezera inasweka n'kungokhala chete mwezi wonse. A ku Mfuwe geji iliyonse ili ndi anthu awiri, mwini akachoka wachiwiri amawerenga, ndipo tsiku lopanda mvula amalemba 0, sasiya pabulanki. Ife pabulanki sitidziwa ngati sikunagwe kapena munthu anali ku Katete.

Pobwerera mu minibasi tinagwirizana kuti nafenso tichite chimodzimodzi. Aliyense amene ali ndi geji abwere ndi dzina la womuthandiza pa msonkhano ukubwerawu, abweretsenso kope lake ngakhale lili ndi mipata, musalembemo manambala a m'mutu chonde. Anzathu a ku Mfuwe akufuna kudzationa tikakolola, nkhani ya zopereka za chakudya chawo amai msungichuma adzafotokoza okha.