Critical density yandilowa m'mutu tsopano

Anzanga a physics, critical density ija yandilowa tsopano, mtima mpaka wakhala m'malo. Ndikunena za zomwe zimachitika laser yamphamvu ikawomba chitsulo.

Nkhani yonse yagona apa: laser sifika pachitsulo chenichenicho. Ikangomenya target, pamwamba pake pamasanduka plasma (mpweya wotentha kwambiri wa ma electron ndi ma ion) nthawi yomweyo, ndiye kuwala kobwera pambuyo kumayenera kudutsa mu plasma imene ikufufuma kulowera komwe laser ikuchokera. Kunjaku ma electron ndi ochepa, mukamalowa mkati akuchulukirachulukira, plasma frequency (frequency yomwe ma electron a mu plasma amagwedezekera paokha) nayo ikukwera, mpaka pamalo pomwe yalingana ndi frequency ya laser, basi kuwala sikupitiriranso, kumabwerera. Kuchuluka kwa ma electron pamenepo ndiye critical density, ndipo malowo ndi critical surface. Kwa laser ya neodymium ya 1053 nm ndi ma electron pafupifupi 10^21 pa cm³, pomwe m'chitsulo cholimba amakhala cha m'ma 10^23, ndiye onani nokha, kuwalako kumathera panjira. N'chimodzimodzi wailesi ya shortwave, mafunde kugunda ionosphere (plasma ya mlengalenga kumwamba kwambiri) n'kubwerera pansi mpaka agogo kumudzi kumva BBC ya ku London.

Nanga mphamvu imalowa bwanji? Ma electron amagwedezeka ndi field ya kuwala, akawombana ndi ma ion kugwedezeka kuja kumasanduka kutentha, inverse bremsstrahlung imeneyo, ndipo imagwira kwambiri kufupi ndi critical surface chifukwa kumeneko ndi kothithikana, kuwombana ndi kochuluka. Kuchoka apo ndi ma electron otenthawo amene amanyamula kutentha kulowa nako mkati, ndipo ma X-ray ambiri amatuluka cha kumeneko, komwe laser sinapondeko n'komwe.

Ine njira yanga ndi scaling basi, munthu asandiuze zina. Critical density imayenda ngati 1/λ² (λ ndi wavelength ya laser), ukangogwira kameneka theka la kosi watha nalo. Ku National Ignition Facility, malo ofufuzira za fusion ku Livermore ku America, ma beam awo 192 amawasintha kuchoka pa 1053 nm kufika pa 351 nm, λ yachepa katatu, critical density yakwera ka 9, kuwala kumalowa mozama n'kuyamwidwa bwino. Pa 5 Disembala 2022 analowetsa 2.05 MJ mu hohlraum (kachitini kachitsulo komwe mkati mwake muli kapisozi wa fuel ya fusion) n'kutulutsa 3.15 MJ ya fusion, ndipo chomwe chinafinya kapisozi ndi ma X-ray ochokera m'makoma a hohlraum, osati laser mwachindunji. A ASML, kampani yopanga makina opangira ma chip, amapita mbali inayo, ya λ yaitali: laser ya CO2 ya 10.6 µm imawomba timadontho ta tin 50,000 pa sekondi, critical density ili pansi cha m'ma 10^19, plasma ndi yopepuka ndiye kuwala kwa 13.5 nm kopangira ma chip kumatuluka osamezedwanso kwambiri ndi plasma yomweyo. Kafomula kamodzi kufotokoza makina awiri osiyana chonchi, ayi ndithu ndagoma.

Chondinyansa n'choti aphunzitsi anadzaza bolodi lonse ndi dispersion relation (masamu olumikiza frequency ndi wavelength mu plasma), kufufuta, kudzazanso, koma kujambula ka graph ka density ndi mtunda n'kuika kadontho kuti laser imathera apa, ayi, akuti nthawi yatha tithamangire silabasi. Semesita nayonso yafupika, madzulo magetsi azima, laputopu yafa, chifunga cha Mzuzu chalowa mpaka m'chipinda ku Katoto, iwe ukuwerenga ndi tochi ya foni zala zitauma gwa.

Pomwe ndikutsimphinabe ndi pa resonance absorption, njira ina yomwe mphamvu ya laser imalowera mu plasma. Kuwala kwa p-polarised (komwe mbali ina ya field yake imaloza mkati mwa plasma) kukabwera mopendekeka kumatembenuka kusanafike pa critical surface, komabe field yake imadutsa n'kukadzutsa mafunde a plasma pomwepo, ma hot electron n'kubadwa. Masamu ake ndikutha kuwatsatira mzere ndi mzere koma chithunzi sichikubwera m'mutu, ndipo 1/λ² yanga pamenepa yangoti zii. Kaya ndi zomwe zimabwera munthu ukapanga simulation wekha, kaya pali ka graph kenanso komwe sitinajambuliridwe, sindikudziwa.