Imfa ya Aerith ikundiwawabe

Usiku wathawu ndinaseweranso masewera a pa kompyuta otchedwa Final Fantasy VII, aja a 1997 a pa PlayStation. Nditafika pomwe mdani wamkulu Sephiroth amabaya mtsikana Aerith ali mkati mopemphera, mtima unandiwawa ngati tsiku loyamba lija. Abale, mtsikanayu umakhala utayenda naye maola ambirimbiri, wamugulira zida, ukudalira mphamvu zake zochiritsa anzake, kenaka basi wapita. Palibe mankhwala omudzutsa. Anthu a ku Square, kampani ya ku Japan yomwe inapanga masewerawa, anafuna kuti imfa ikupeze mwadzidzidzi, monga imachitira pa moyo weniweni.

Ine ndimati a ku Japan ndi amene anaphunzitsa masewera a pa kompyuta kuliza munthu. Taonani Shadow of the Colossus ya Fumito Ueda, ya 2005. Umapha zimphona 16 pofuna kuukitsa mtsikana wakufa, koma chimphona chilichonse chikagwa, nyimbo yake ndi yachisoni, ndipo umayamba kudzifunsa ngati woipa si iwe.

Komabe wandigwira mtima kwambiri ndi Hidetaka Miyazaki. M'masewera ake a Dark Souls a 2011 palibe wokukhazika pansi kuti akufotokozere nkhani. Umaitola wekha, pang'ono pa mawu olembedwa pa lupanga, pang'ono pa nyumba yogumuka. Ali mwana, Miyazaki ankawerenga mabuku omupitirira msinkhu, pomwe sanamve nkumadzaza ndi maganizo ake.

Ngakhale Toby Fox wa ku America, popanga Undertale ya 2015, anatengera kwambiri EarthBound ya Shigesato Itoi. Mu Undertale ukhoza kufika kumapeto osapha mdani ndi mmodzi yemwe.