Mbuzi pakaliyala

M'mawa uno pamsika ndakumana ndi bambo ena atanjata mbuzi ziwiri pakaliyala wa njinga, miyendo itatupa ndi chingwe, mitu ikulendewera pafupi ndi masipoko. Zinalira mpaka mawu kusasa. Nditawadandaulira anangoti, "Mayi, mbuzizi n'zanga, ndi ufulu wanga."

Zandiwawa kwambiri. Inde, gawo 28 la malamulo aakulu a dziko lino la Malawi limateteza katundu wa munthu, koma mbuzi imamva ululu, ndipo lamulo la Protection of Animals Act limaletsa kuchitira nkhanza ziweto. Ngakhale kunja, ufulu uli ndi malire pankhani ya nyama: mu 2024 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya, ku Strasbourg, linagamula kuti madera a Flanders ndi Wallonia ku Belgium sanaphwanye ufulu wachipembedzo poletsa kuzinga nyama isanakomoledwe. Kwathu kuno njinga zotere zimadutsa tsiku lililonse, palibe wofunsa.