Zikomo nonse amene munalola mwana wanga kulemba yekha

Abale anga, mtsikana wanga wakhala wachiwiri pa mpikisano wolemba nkhani wa achinyamata osamva. Satifiketi yake taipachika pabalaza, ndiye ndati ndikuthokozeni poyera mtima ukadali m'malo.

Ambiri mukudziwa kuti anasiya kumva ali ndi zaka zinayi atadwala matenda oumitsa khosi. Pano ali ndi zaka 16.

Malamulo a mpikisanowu anali ochepa. Wolowa akhale wa zaka 13 mpaka 19, wosamva kapena womva pang'ono, ndipo apereke pepala la kuchipatala losonyeza zimenezi. Nkhani ikhale ya m'Chichewa kapena m'Chingerezi, mawu osapitirira 800, yosasindikizidwapo kwina. Pa pepalalo ndi pamene tinayamba kuvutika, chifukwa lathu linapita ndi madzi a namondwe Freddy mu 2023 pamodzi ndi katundu wina yense. Achimwene, ndinu munatipatsa ndalama ya minibasi osafunsa zambiri, Mulungu akubwezereni. Zikomonso kwa oyeza makutu ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anamuyezanso n'kutipatsa pepala latsopano nthawi isanathe.

Koma lamulo limene linandivuta ine linali lomaliza. Womasulira ankaloledwa kufotokoza mutu wa nkhani ndi malamulo m'chinenero chamanja, koma munthu wamkulu aliyense, kaya kholo kaya mphunzitsi, sankaloledwa kukonza chiganizo ngakhale chimodzi. Nditawerenga zimene analemba, mtima unandipweteka. Mawu ena anali m'malo osazolowereka, chifukwa iye amaganiza m'chinenero chamanja, ndipo chinenerochi chili ndi kayalidwe kake ka mawu, sichitsata Chichewa chathu cholankhula. Ndinaopa kuti oweruza amuona ngati wosaphunzira. Ndinatenga bolopeni kuti ndiwongole.

Aphunzitsi ake, ndinu munandigwira dzanja tsiku lija. Munandiuza kuti ndikangokonzapo, nkhaniyo ikhala yanga, mwana n'kuchotsedwa mumpikisano. Ndinabwerera kunyumba nditakwiya nanu, lero ndikupepesa pamaso pa onse. Mwanayo anabwereza yekha kanayi usiku pa tochi, mpaka anakhutira.

Analemba za agogo ake akusinja chimanga kumudzi, mmene iye amadziwira kuti kwacha chifukwa kugunda kwa musi mumtondo kumamufika m'mapazi kudzera m'nthaka. Ine ndakula ndikumva mtondo tsiku ndi tsiku, koma zimenezo sindikanazilemba. Amayi anga atawawerengera anangokhala chete, misozi ili mbwembwembwe.

Ndithokozenso a MANAD, bungwe la anthu osamva m'Malawi muno, chifukwa cha buku lotanthauzira chinenero chamanja cha Malawi lomwe linatuluka mu 2021. M'nyumba mwathu latithandiza kwambiri, bambo ake tsopano amacheza naye popanda kundiitana ine. Kwa aphunzitsi onse a ana osamva, ku Mua, ku Embangweni, ku Mary View ndi kwina konse, ntchito yanu timaiona. Kwa womasulira amene anaima kutsogolo tsiku lolandira mphoto kuti mwana wanga adziwe pamene dzina lake latchulidwa, zikomo kwambiri mayi.

Wayamba kale nkhani ina m'kope latsopano limene azakhali ake anamugulira. Wandiuza kuti ndidzawerenga akamaliza, ndipo ndavomera.