Ndulu ya nkhuku si ya ng'ombe: pomwe ndafika ndi Lactobacillus wa m'chithokomiro

Vuto la machubu ovunduka lija latheka. Kwa amene mwangoyamba kutsatira, ndikusankha Lactobacillus, bakiteriya wothandiza m'matumbo, wochokera m'chithokomiro cha nkhuku zachikuda kuti ndizithira m'madeya oviika, ndipo mtundu uliwonse uyenera kupirira asidi wa m'nthutumba, kenako ndulu. Mayeso a asidi savuta. A ndulu ndiwo anaimitsa ntchito yonse. Machubu ena a MRS (chakudya cholereramo Lactobacillus) othira oxgall (ndulu ya ng'ombe youmitsa) wa 0.3% ankavunduka zedi ngati mabakiteriya aswana, koma ukadzala pa mbale ya MRS wolimbitsa ndi agar, ma colony (timagulu ta mabakiteriya tooneka ndi maso) ankamera owerengeka, pena mbale n'kungokhala mbee.

Zimene zinkavundula machubuwo si mabakiteriya. Inali ndulu yomweyo, itasiya kusungunuka.

Chiwindi chikapanga ma asidi a ndulu chimawalumikiza ndi taurine kapena glycine. Akakhala olumikizidwa amasungunuka bwino, ndipo amagwira ntchito ngati sopo: amamwaza mafuta a m'chakudya kukhala timadontho, komanso amawononga khungu la bakiteriya, poti nalo ndi lamafuta. Lactobacillus ambiri ali ndi enzyme ya BSH (bile salt hydrolase), yomwe imadula taurine kapena glycine uja n'kusiya asidi wa ndulu payekha. Asidi wapayekhayu sasungunuka pH ikatsika. Tsono taonani MRS: ali ndi magalamu 20 a glucose pa lita, amayamba pa pH cha m'ma 6.2, koma Lactobacillus akagonamo usiku umodzi amamutsitsa kufika cha m'ma 4. Pamenepo ndulu yodulidwa ija imagwirana n'kukhala timibulu toyera tomwe timavundula chubu, ndipo ina imalowa m'selo mosavuta n'kupha bakiteriya amene anaidula. Mtundu wa BSH yamphamvu ndiwo umaoneka wonenepa m'chubu, ndipo ukhozanso kufa kwambiri. M'matumbo a nkhuku sizifika potero, chifukwa pomwe ndulu imathirikira pH ili cha m'ma 6, ndipo imakwera pang'onopang'ono kulowera ku 7 chakudya chikamatsika.

Kuzindikira n'kosavuta. Gwedezani chubu pang'ono mutachiloza kuwala. Mabakiteriya amazungulira mosalala, monyezimira, ndipo akadikha amasiya kadontho kofewa pansi. Ndulu yodikha imakhala timibulu tokhakhala tomwe timamatirira m'mbali mwa galasi. Mukathira dontho la sodium hydroxide wosungunula, timibuluto timasungunuka koma mabakiteriya amatsalabe. Komabe musadalire maso. Werengani pa mbale.

Chachiwiri ndi oxgall mwini wakeyo. Ndi ndulu ya ng'ombe youmitsa, ndipo muli cholic acid ndi deoxycholic acid, gawo lalikulu lolumikizidwa ndi glycine. Ndulu ya nkhuku yochuluka ndi chenodeoxycholic acid, kutsatira cholic acid, ndipo pafupifupi yonse ndi yolumikizidwa ndi taurine. Kusiyanaku n'kwakukulu. Ya glycine imayamba kudikha komanso kuluma mabakiteriya pH ikayandikira 4 ngakhale palibe wayidula, pomwe ya taurine imasungunukabe m'asidi wambiri. BSH ya mitundu yambiri imadulanso ya glycine msanga kuposa ya taurine. Choncho oxgall akhoza kukutayitsani mtundu womwe ukanakhala bwinobwino m'nkhuku. Anthu amamukonda chifukwa amapezeka, koma nkhuku sinakumanepo naye.

Njira yomwe ikugwira tsopano ndi iyi. Ndulu ndikutenga kwa opha nkhuku, nthawi yomweyo akangotumbula. Nkhuku imene yagona ndi njala isanaphedwe imakhala ndi kathumba kodzaza, kobiriwira kwambiri, pomwe yomwe yangodya kumene kathumba kake kamakhala kofwamphuka chifukwa ndulu yapita kale m'matumbo. Pukutani kathumbako ndi spirit wa 70%, bayani ndi jakisoni watsopano, kokani pang'onopang'ono osakhudza chiwindi. Sakanizani ndulu ya nkhuku zingapo, chifukwa mphamvu yake imasiyana nkhuku ndi nkhuku. Imakhala yonanda, ndipo sefa ya 0.22 µm imatseka nthawi yomweyo mukaithira yosasungunula. Isungunuleni kaye, gawo limodzi la ndulu m'magawo anayi a madzi amchere a 0.85%, idutse pa pepala losefera, kenako pa 0.45, pomaliza pa 0.22. Gawani m'timabotolo ting'onoting'ono, muumitse mufiriji, ndipo kamene mwasungunula musakabwezerenso.

Kumbukirani kuti 0.3% ya ufa wa oxgall si yofanana ndi 0.3% ya ndulu yamadzi, poti yamadziyo yambiri ndi madzi. Ine ndikuyesa 1%, 2% ndi 5% ya ndulu yeniyeni, kuwerengera kusungunula kuja.

Mabakiteriya akule usiku umodzi m'MRS wopanda ndulu. Atsukeni kawiri, muwaike mu phosphate buffer (madzi osalola pH kusinthasintha) wa pH 6.5 wopanda shuga, ndiye muthire ndulu. Popanda shuga palibe asidi watsopano, pH imakhala pomwepo. Tengani mililita 1 poyambira, inanso pakatha maola atatu, sungunulani 1 mu 9 motsatizana, dzalani pa MRS agar, werengani mbale zokhala ndi ma colony 30 mpaka 300. Machubu awiri asasowe: la mabakiteriya opanda ndulu, ndi la ndulu yopanda mabakiteriya. Kutentha kukhale 41°C. Ngati mukufunditsira machubu m'makina oswetsera mazira, ambiri amatcheredwa pa 37.5°C, koma thupi la nkhuku limatentha 41 mpaka 42, ndiye kwezani ndipo muikemo thermometer yanuyanu.

Ndi njira imeneyi, mitundu ingapo yomwe oxgall anaigwetsa yadzuka. Ina yomwe inkaoneka yamphamvu yapezeka kuti inali timibulu chabe.

Za zipangizo, MRS wa HiMedia ndimamukonda chifukwa mtengo wake ndi wofikirika, bola botolo lizitsekedwa msanga, poti ufa wake umakoka chinyezi n'kuuma gwa nyengo ya mvula. Timapaketi ta AnaeroGen ta Oxoid timachotsa mpweya bwino, koma botolo lalikulu loyatsamo kandulo limakwanira Lactobacillus ambiri a m'chithokomiro. Apa pali chenjezo limodzi. Mpweya wochepa ndi kutentha kwa 41°C ndi zomwe Campylobacter jejuni, bakiteriya wodwalitsa anthu, amakonda, ndipo iyeyu saopa ndulu, ali ndi pampu ya CmeABC yomwe imaiponyera kunja kwa selo. Salmonella nayenso ali ndi yake, AcrAB-TolC. MRS sawakomera kwenikweni, komabe chilichonse chochokera m'matumbo a nkhuku chiphikeni mu pressure cooker pa 121°C musanataye, ndipo colony iliyonse yomwe mukusunga iyesedwe: ikhale Gram positive, yooneka ngati timitengo, yosachita thovu mukaithira hydrogen peroxide wa 3%.

Chomwe chikundiganizitsa tsopano ndi BSH. Ambiri amaiwerenga ngati ubwino, ndipo kwa munthu wofuna kutsitsa cholesterol mwina ndi choncho. Kwa nkhuku ndikukayika. Ndulu yodulidwa simwaza mafuta bwino, ndipo yambiri imatuluka ndi zitosi m'malo mobwerera kuchiwindi. Chimodzi mwa zifukwa zomwe akatswiri amapereka zoti maantibayotiki a m'chakudya ankakulitsa nkhuku msanga, aja European Union inaletsa mu 2006, n'chakuti ankachepetsa mabakiteriya odula ndulu m'matumbo aang'ono. Anapiye ndiwo angavutike kwambiri, chifukwa sabata yoyamba amatulutsa ndulu yochepa ndipo mafuta amawagaya movutikira kale. Ngati chakudya chanu chili ndi soya wosafinya mafuta kapena mpendadzuwa wambiri, mtundu wodula ndulu mwamphamvu ukhoza kukudyerani phindu. Ine ndikufuna wopirira ndulu koma wosaidula kwambiri.

Kuwasiyanitsa kumafuna mbale ya MRS yothira 0.5% ya taurodeoxycholate (asidi wa ndulu wolumikizidwa ndi taurine) ndi magalamu 0.37 a calcium chloride pa lita, yosungidwa popanda mpweya masiku awiri kapena atatu. Wodula ndulu amazunguliridwa ndi kamkombero koyera. Mankhwalawo ndi okwera mtengo, ndiye ndiyesa kaye kuthira ndulu ya nkhuku yosefedwa m'agar atazizira kufika cha m'ma 50°C, ndione ngati kamkomberoko kangaoneke pamwamba pa kubiriwira kwa ndulu. Zikatheka, mitundu yabwino ndiitumiza kukawerengedwa 16S, gawo la DNA lozindikirira mabakiteriya, kuti ndidziwe ngati ndi salivarius, reuteri kapena crispatus, kenako ndiyese pa magulu awiri a anapiye a Mikolongwe, lina pa madeya oviika wamba, lina pa othira mtundu wosankhidwa, sikelo sabata iliyonse. Amene muli ndi centrifuge yaing'ono yomwe ikungokhala, tilankhulane, chifukwa kutsuka maselo podikira kuti adikhe okha kukudya tsiku lathunthu.