Zikomo kwa inu amene simunangotidutsa

Miyezi ija ndinkagona pakhonde la sitolo ndi ana anga awiri, makatoni ndiwo anali pogona pathu. Masana tinkatola mabotolo apulasitiki n'kukagulitsa. Usiku sindinkagona tulo, kuopa kuti wina angandibere wamng'onoyo, moti ndinkamumangirira pamimba panga ndi nsalu.

Zikomo inu bambo mlonda, amene munkatidzutsa mwaulemu mbandakucha eni sitolo asanafike, pomwe ena ankangotithira madzi. Zikomo mayi amene munatipatsa bulangete mvula itatinyowetsa. Dzina lanu sindinafunse n'komwe, manyazi anandigwira. Nanunso anamwino, munapima chifuwa cha mwana wanga osandinyogodola ndi zovala zakuda zija.

Pano tili m'kachipinda ka lendi, wamkulu uja wayambiranso sukulu. Bulangete lija tikufundabe.