Mmene ndinamusiyitsira mwana fomula nkuyamba mkaka wa ng'ombe kuno ku Joni

Azimayi anzanga a kuno ku Joni, mukudziwa nokha mmene chitini cha fomula chimapwetekera m'thumba. Mwana wanga anayamwa bere miyezi yoyambirira koma nditabwerera kuntchito ku Randburg zinavuta, kuchoka mbandakucha kukakwera taxi kubwera kutada, ndiye anazolowera fomula ya NAN. Apongozi kumudzi anayamba kale kunena pa WhatsApp kuti mwanayu wakula mungomupatsa wa ng'ombe basi. Ndinawayankha mwaulemu kuti amayi tidikire kaye akwane chaka, chifukwa mwana asanafike miyezi 12 mkaka wa ng'ombe sumuyenera ngati chakumwa chake cha tsiku ndi tsiku, uli ndi iron wochepa kwambiri komanso mchere ndi mapuloteni ake zimalemetsa impso za khanda.

Atakwana chaka ndinamutenga ku kiliniki yapafupi ndi kwathu ku Rosettenville ndi kabuku kake ka Road to Health, lija tsiku la katemera wachiwiri wa chikuku, lomwenso amawadonthezera vitamin A nkuwapatsa mankhwala a njoka zam'mimba. Mzere ukhale wautali bwanji, Chizulu chikuvuteni bwanji, funsani ndithu musanatuluke mchipindamo. Sister anamukweza pasikelo, anaona kuti mzere wa kulemera kwake m'kabuku muja ukukwera bwinobwino, nkundiuza kuti ndikhoza kuyamba. Anatsindika kuti ukhale wa full cream, wolembedwa pasteurised kapena UHT, ndipo patsiku ukhale pafupifupi 500 ml, makapu awiri basi.

Mu Shoprite kapena Boxer mashelefu a mkaka amasokoneza, makatoni ake amafanana. Werengani. Low fat, 2% ndi fat free sizoyenera mpaka mwana atakwana zaka 2 chifukwa mafuta aja amafunika kuti ubongo ukule. Ine ndinasankha long life, womwe ndi wa UHT uja, chifukwa firiji timagawana ndi anzathu panyumba pano ndipo magetsi akathima wa fresh umasasa msanga, pomwe katoni ya long life yosatsegula imangokhala mukabati. Koma mukangoitsegula ilowe mufiriji, mutsate masiku amene alembedwa pambali pake. Ndipo chonde chonde, Cremora si mkaka wa mwana, ndi yothira mu tiyi ndi khofi. Condensed nayonso ayi, ndi shuga yekhayekha. Zimandiwawa mumtima ndikamva kuti mayi wina akusungunulira mwana Cremora mubotolo poti ndalama yavuta, mwana amakhuta inde koma thupi silipezamo kanthu. Mkaka wa m'zigubu womwe simukudziwa kochokera wiritsani kaye. Za zitini zija za mkaka wa ufa wa ana okwana chaka, zolembedwa 1+ kaya namba 3, ndinafunsa, anati mwana amene akudya bwino sazifunikira, ndiye ndalama imeneyo ndinaiika ku mazira ndi zipatso.

Tsiku loyamba ndinangoyesa kumupatsa wa ng'ombe weniweni. Analawa kamodzi, anakwinya nkhope, mkaka wonse unatsika pachibwano mpaka pa bibu, nkukankha kapu ndi manja awiri onse. Fomula imatsekemera pang'ono komanso amaimwa yofunda, ndiye wozizira wa mufiriji anaudabwa.

Ndinayamba zosakaniza. Apa mumvetse bwino, fomula muipange kaye monga mwa nthawi zonse, madzi owiritsa ndi masikupu olembedwa pachitini, kenako ndi pamene mumathiramo wa ng'ombe. Musasungunule ufa wa fomula ndi mkaka m'malo mwa madzi, zimakhala zolemera kwambiri pamimba pake. Poyamba magawo atatu anali fomula gawo limodzi wa ng'ombe, ndikaona kuti akumwa osadandaula ndipo m'mimba muli bwino kwa masiku angapo ndinkapanga theka ndi theka, kenako fomula nkukhala gawo limodzi lokha, mpaka chitini chomaliza chinatha osagulanso china. Kufunditsa ndinkaika kapu m'mbale ya madzi otentha a muketulo nkudontheza padzanja kuti ndimve. Aunty a ku kreshi ndinawafotokozera zonse ndipo ndinkawalembera pa chivundikiro muyezo wa sabata imeneyo kuti tisamasiyane.

Botolo ndinalichotsanso nthawi yomweyi, masana kaye, kumupatsa kakapu kamakutu awiri. La usiku ndi lomwe linatigonetsa mochedwa, ankalira mpaka bambo ake kumanena kuti tangomupatsani anthu agone mawa kuntchito. Koma mwana wogona ndi botolo la mkaka mkamwa mano akutsogolo amaola, ndiye tinagwirizana kuti azimwa asanagone, timutsuke mano, akadzuka pakati pa usiku ndi madzi basi ndi kumusisita pamsana. Anazolowera.

Pomwe ndikufuna mugwire kwambiri ndi pa 500 ml paja. Ataukonda mkakawu anayamba kuufuna nthawi iliyonse, ndipo poti ndiwotchipa kuposa fomula dzanja limapepuka kuthira. Koma mwana wokhuta mkaka amakana nsima, ndipo iron amene ankapeza mu fomula sakumupezanso, mapeto ake magazi amachepa, mumangoona mwana wofooka, m'manja ndi m'zikope motuwa. Ndiye kwathu chakudya chimayamba, mkaka pambuyo. Mmawa phala lothira nsinjiro kapena peanut butter, masana kansima kofewa ndi dzira, nyemba zofinya, chiwindi cha nkhuku, usipa wosinja ukabwera ndi a mabasi ochokera kumudzi, masamba awa amati morogo omwe ena ndi bonongwe wathu yemwe uja. Ufa wa m'mashopu kuno ngati Iwisa ndi White Star amauthira kale iron ndi mavitamini chiyambire 2003, zimathandizako. Kalalanje kapena tomato pambali amathandiza thupi kutenga iron, pomwe tiyi wakuda amatchinga, ndiye tiyi sindimupatsa.

Chimbudzi chake chinalimbako sabata zoyamba, ndinamuonjezera madzi ndi papaya zinasintha. Koma mukaona zidzolo, milomo kapena nkhope kutupa, kusanza mobwereza, magazi m'chimbudzi, siyani mkakawo mupite ku kiliniki tsiku lomwelo, ndipo ngati akupuma movutikira musadikire kuti kuche. Mwana amene anali pa fomula yapadera chifukwa cha allergy musamusinthe nokha musanaonane ndi dokotala. Amene mukuyamwitsabe bere pitirizani mpaka zaka 2 kapena kupitirira, palibe chothamangira. Ngati wanu akukanitsitsa kumwa wa ng'ombe, muthireni m'phala kapena yesani yogati wopanda shuga ndi amasi, chambiko chathu chija, nazonso zimawerengedwa pa makapu awiri aja.